Zaka 6 pabanja popanda mwana: kodi jakisoni wolera ndi amene anandiwononga?

"Adokotala, ndili ndi zaka 34 ndipo ndakhala pabanja zaka 6. Ndisanakwatiwe ndinatengapo pakati koma panapita padera pa miyezi 3. Anakanditsuka m'chiberekero kuchipatala, koma patatha masiku ochepa ndinayamba kutentha thupi ndi kumva ululu m'chinena. Ndinangogula mankhwala ndekha mpaka zinasiya. Kenako ndinalera ndi jakisoni kwa zaka ziwiri. Chilowereni m'banja sindinaimepo ngakhale kamodzi, chonsecho kumwezi ndimapita bwinobwino, pa masiku 28 kapena 29 alionse. Amuna anga ali ndi mwana wa zaka 11 amene anabereka kwina, ndiye amati iwo alibe vuto ndipo kuchipatala sangapiteko. Apongozi anga akuti jakisoni anandiumitsa m'mimba, ndipo ayamba kunena zoti mwana wawo apeze mkazi wina. Mankhwala azitsamba ndamwa a mitundumitundu. Za mimba yoyamba ija amuna anga sadziwa. Mnzanga akachira ndimapita kukaona khanda, ndimalinyamula, koma ndikabwerako ndimadzitsekera n'kulira. Kodi ndi jakisoni? Kodi ndidzaberekako ine?"

Mayi,

Pepani kwambiri ndi zimene mukukumana nazo. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Ulendo woyamba ndinaima pa mawu aja oti mumanyamula khanda la mnzanu kenako n'kukalirira kuchipinda. Amayi ambiri andiuzapo zomwezo atakhala pampando wa m'chipinda chopimira, ena mochita kunong'ona ngati akuulula tchimo. Si kaduka kameneko, ndipo musadzione ngati munthu woipa mtima. Ulendo wachiwiri ndinaiwerenga ndi maso a ntchito, ndipo ndapezamo malo awiri amene tiyenera kukafufuza. Onse awiri ali kutali ndi kumene apongozi anu akuloza.

Tiyambe ndi jakisoniyo, poti ndiye akuimbidwa mlandu pakhomo panu. Jakisoni wa miyezi 3, amene ambiri amangoti Depo, amaletsa dzira kukhwima ndi kutuluka. Mayi akasiya kubayitsa, mankhwalawo amatha m'thupi pang'onopang'ono, moti amayi ambiri amaima patapita miyezi pafupifupi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza, ndipo ena amafika chaka ndi theka. Kuchedwa kumeneku n'kumene kunabala mbiri yoti jakisoni amaumitsa. Koma mankhwalawo akatha, atha. Sasiya chilema m'chiberekero. Inu munasiya zaka zoposa 6 zapitazo ndipo mukusamba mwezi ndi mwezi osaphonya, pamene thupi limene likadali ndi mphamvu ya jakisoni silisamba mwadongosolo chonchi. Chimene ndaona kawirikawiri n'chakuti vuto limakhala lilipo kale mayi asanayambe kulera, kulerako n'kuliphimba chifukwa palibe amene akuyembekezera mimba. Akasiya, vuto lija limaonekera, ndipo chala chimaloza chinthu chomaliza chimene aliyense akukumbukira.

Dziwaninso kuti anzanu pa vutoli ndi ochuluka kuposa momwe mukuganizira. Mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti loti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina ya moyo wake, ndipo chiwerengerochi sichisiyana kwenikweni pakati pa mayiko olemera ndi osauka. Ife achipatala timati pali chofunika kufufuza ngati mwamuna ndi mkazi akhala malo amodzi pafupipafupi, osadziteteza, kwa miyezi 12 popanda mimba. Mwa mabanja 100 amene mkazi sanafike zaka 40, oposa 80 amaima chaka chisanathe, ndipo pokwana zaka ziwiri amakhala apitirira 90. Inu mwadikira zaka 6. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma inu mwadekha mokwanira, ndipo pa nkhani iyi nthawi ikapita siibwerera. Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira ake onse, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni, ndipo thupi silipanganso ena. Kuchuluka ndi mphamvu ya mazirawo zimatsika chaka ndi chaka, ndipo kutsikako kumafulumira mayi akapitirira zaka 35. N'chifukwa chake wa zaka 35 timamuuza kuti abwere pakangotha miyezi 6, ndipo wa zaka 40 abwere osadikira n'komwe. Zaka 34 si ukalamba, mpata ulipo ndithu, koma si mpata wongokhalira.

Tsopano tifike pa mawu amene munawalemba mongodutsa, oti mutatsukidwa m'chiberekero munatentha thupi, munamva ululu m'chinena, n'kungogula mankhwala nokha. Kwa ine apa m'pamene pagona nkhani. Chiberekero chili ndi timachubu tiwiri, kumanzere ndi kumanja, topita kumene mazira amakhwimira. Dzira likatuluka, kukamwa kwa chubu kumalitola, ndipo m'chubumo ndi momwe limakumana ndi mbewu ya abambo. Kenako limayenda masiku angapo kutsikira m'chiberekero likukankhidwa ndi titsitsi tosaoneka ndi maso ta m'kati mwa chubu. Kanjira kameneka ndi kopapatiza zedi, moti chakufupi ndi chiberekero kamangofanana ndi ulusi wokhuthala. Tizilombo tikalowa m'chiberekero pambuyo pa kupita padera, kuchotsa mimba kapena kubereka, timakwera mpaka m'machubu. Mumatupa, pena mumachita mafinya. Matendawo akatha mumatsala zipsera, ndipo chipsera m'kanjira kotere chimatseka njira kapena kuwononga titsitsi tija. Mayi amachira, amasamba mwezi uliwonse, dzira limatuluka pa nthawi yake, koma likulephera kukumana ndi mbewu. Kunja palibe chooneka, ndipo nthawi zambiri palibenso chopweteka.

Pali matenda ena amene amachitanso zomwezi. Chinzonono ndi chlamydia ndi amene ali patsogolo, ndipo chlamydia ndi woopsa mwakachetechete chifukwa amayi ambiri amene ali naye samva chilichonse. Likodzo likafika kumaliseche ndi m'machubu limasiya zipsera. Chifuwa chachikulu nacho chimatha kukhazikika m'machubu mapapo ali bwinobwino, ndipo zipsera zimabweranso chifukwa cha apendikisi imene inaphulikira m'mimba kapena opaleshoni ya m'munsi mwa mimba. Kalata siipima munthu, choncho musagone mukulira kuti adokotala anena kuti machubu anga anatsekeka. Ndikungonena kuti mukanakhala patsogolo panga, ndikanayambira pamenepo.

Kupima kwake kumatchedwa HSG. Amalowetsa timadzi tapadera m'chiberekero kudzera pakhomo pake n'kujambula ndi ekisire, kuti aone ngati timadzito tikudutsa m'machubu n'kutayikira mbali zonse ziwiri. Amachita mayi akangomaliza kusamba dzira lisanatuluke, kawirikawiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 10 kuwerengera tsiku limene anayamba kusamba. Zimatenga mphindi zochepa. Ululu wake ndi wonga wa cham'mimba, ena umawagwira kwambiri ena pang'ono, ndiye ndi bwino kumwa mankhwala ochepetsa ululu musanapite. Muwauze za kutentha thupi kuja, kuti ayambe akupimani ngati mulibe matenda kapena akupatseni mankhwala opha tizilombo, poti timadzi tija tingakankhire matenda m'kati. Chithunzi chomwecho chimaonetsanso ngati makoma a chiberekero anamatirirana pambuyo potsukidwa, ngakhale amene zinawachitikira zimenezi kawirikawiri amasamba pang'ono kwambiri kapena osasamba n'komwe. Chenjezo limodzi: pena chubu chimangofinyika ndi ululu pa nthawi yojambula n'kuoneka ngati chotsekeka chakufupi ndi chiberekero. Zikatuluka choncho musataye mtima tsiku lomwelo, funsani ngati pakufunika kutsimikiza ndi njira ina.

Zina zopima kwa inu ndingozitchula mwachidule, poti kalata yanu siikuloza kwenikweni kumeneko. Sikani imaonetsa zotupa za m'chiberekero, zimene zambiri sizilepheretsa mimba pokhapokha zikalowerera m'kati momwe mwana amakhala. Mayi wosamba modumphadumpha, womera tsitsi pachibwano kapena wonenepa mosadziwika bwino timamuganizira matenda a mahomoni otchedwa PCOS, ndipo timapimanso chithokomiro ndi homoni ya mkaka wa m'mawere. Wosamba ndi ululu wogonetsa pansi, womva kupweteka m'kati pokhala malo amodzi ndi abambo, timamuganizira endometriosis, nthenda yomeretsa minofu yonga ya m'kati mwa chiberekero kunja kwa chiberekerocho, imene imagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa 10 a msinkhu wobereka. Kuti titsimikize kuti dzira likutulukadi timapima magazi kutatsala masiku 7 kuti musambe, kwa inu chapatsiku la 21 kapena 22.

Koma musanagone pabedi la ekisire, pali kupima kwina kosavuta ndiponso kosapweteka kumene kumayenera kuyamba, ndipo n'kwa bambo akunyumba. Pa mabanja osowa ana, pafupifupi theka amapezeka kuti mbali ya abambo ili ndi vuto, pena payokha pena pamodzi ndi ya amayi. Mwana wa zaka 11 uja ndi umboni wa momwe thupi lawo linalili zaka 12 zapitazo. Za lero sangatiuze. Mbewu ya abambo imapangidwa mosalekeza, iliyonse imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ikhwime, ndipo zambiri zingasokoneze ntchito imeneyi pakati pa moyo. Chinzonono chimatseka njira za umuna monga momwe chimatsekera machubu a amayi. Mitsempha ya m'thumba la machende imatha kutupa n'kumatenthetsa machendewo. Matsagwidi akagwira munthu atakula kale amatha kutsikira kumachende. Shuga, fodya, mowa wambiri ndi kuvulala nazo zimachepetsa mbewu. Masiku ano ndikuonanso anyamata ndi abambo amene amabayitsa homoni yachimuna ya testosterone kapena kumwa mankhwala okulitsa minofu, osadziwa kuti zimenezo zimauza machende kuti asiye kupanga mbewu.

Chimene chimavuta abambo ambiri kumvetsa n'chakuti mphamvu za kuchipinda ndi kubereka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwamuna akhoza kukhala wamphamvu zake, umuna n'kumatuluka wambiri ndi wooneka bwino, koma mulibe mbewu ngakhale imodzi, chifukwa madzi ambiri a umuna amachokera m'ziwalo zina osati kumachende. Ndi makina oonera tinthu tating'ono okha amene angaweruze. Bambo amakhala masiku 2 mpaka 7 osagonana, n'kupereka umuna m'kabotolo koyera, ndipo uyenera kufika kwa opima ola lisanathe. Pa muyezo umene WHO inatulutsa mu 2021, timayembekezera mbewu zosachepera 16 miliyoni pa mililita imodzi, ndipo zosachepera 42 mwa 100 zikhale zoyenda. Zikatuluka zoipa sitithamangira kugamula, timabwereza pakapita miyezi 3, popeza ngakhale kudwala kotentha thupi kwambiri kumagwetsa mbewu kwa kanthawi.

Mayi wina amene sindidzamuiwala anafika ndi chikwama chodzaza mapepala a zopimapima za zaka 9. HSG anali atajambulidwa kawiri, mapiritsi okhwimitsa mazira atamwa kosawerengeka, dzina loti chumba atalizolowera. Mwamuna wake anali asanapimidwepo. Tsiku limene anavomera, m'umuna mwake simunapezeke mbewu. Bamboyo anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana pansi, ndipo amene anayamba kulankhula anali mkazi wake, kundipempha kuti abale asadzamve. Anatuluka atagwirizana kuti iye apitiriza kusenza dzina lija kuti mwamuna wake asachite manyazi. Mpaka lero ndikakumbukira ndimalephera kusankha pakati pa kumulemekeza ndi kumumvera chisoni. Chimene chimandiwawa ndi zaka 9 za mazira ake zimene zinapita chifukwa cha kabotolo kamodzi.

Kumbukirani kuti kukana kwa amuna anu kungakhale mantha atavala malaya a ukali. Mawu oti gojo amawaopa monga momwe inu mumaopera oti chumba. Choncho musaiyambe nkhaniyi pakati pa mkangano, ndipo musanene kuti mwina vuto lili kwa iwo. Sankhani nthawi imene mitima ili pansi, muwauze kuti achipatala pa nkhani ngati iyi amafuna kuona onse awiri, ndipo zimenezo n'zoona. Apempheni kuti angokuperekezani kaye. Ndaona abambo ambiri amene anakanitsitsa kunyumba akuvomera mosavuta dokotala atawafotokozera pamaso, makamaka akamva kuti zotsatira ndi chinsinsi cha anthu atatu a m'chipindamo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo dengali ndi la nonse awiri. Akakanabe, inu pitani mukayambe mbali yanu, musadikire.

Za zitsamba sindikunyozani. Munthu wofuna mwana amagwira chilichonse chimene chamuyandikira, ndipo amene amakupatsani nthawi zambiri amachita mokufunirani zabwino. Koma palibe chakumwa chimene chimatsegula chubu chimene chamera chipsera, kaya cha m'tchire kaya cha m'botolo lokongola logulitsidwa pa intaneti. Zina zimawononga chiwindi ndi impso. Zina zimafinya chiberekero, moti mimba ya masiku ochepa imene simunaidziwe ikhoza kuchoka. Zoika kumaliseche ndiye ndimaziopa kwambiri, chifukwa zimatupitsa, zimasupula, n'kutsegulira khomo matenda omwe aja otseka machubu. Chimodzimodzinso mapiritsi okhwimitsa mazira monga clomiphene ndi letrozole, amene amayi amapatsana ngati maswiti. Ndi mankhwala abwino kwa mayi amene dzira lake silituluka, akamamwa dokotala akumuyang'anira. Kwa inu amene mukusamba mwadongosolo phindu lake n'lochepa, ndipo ngati machubu ndi otsekeka palibe chimene angachite. Amathanso kutupitsa malo okhwimira mazira ndi kubweretsa mapasa kapena ana atatu, mimba imene ili ndi zoopsa zake. Zimene mwamwa kale mukaziulule kwa dokotala popanda manyazi, ndipo pa nthawi yopimidwayi muziike kaye pambali.

Muli kudikira zotsatira, pali zochepa zimene mungachite panokha. Dzira limatuluka kutatsala masiku pafupifupi 14 kuti musambe, kwa inu chapatsiku la 14 kapena 15, ndipo limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 okha. Mbewu ya abambo imatha kudikira m'thupi mwanu mpaka masiku 5. Ndiye masiku abwino ndi aja dzira lisanatuluke, pamene chikazi chimakhala choyera, choterera ndi chotamuka. Koma musasandutse chipinda chanu ofesi ya kalendala, chifukwa zimenezo zathetsa chikondi m'mabanja ambiri. Kukhala malo amodzi pakapita masiku awiri kapena atatu alionse n'kokwanira. Kuimika miyendo m'mwamba sikuwonjezera kanthu, ndipo kutuluka kwa umuna wina mukadzuka n'kwachibadwa, mbewu zofunikazo zimakhala zitalowa kale. Yambani kumwa mapiritsi a folic acid a mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse, kuti mukaima msana ndi ubongo wa mwana zipangike bwino. Nonse awiri mukayezetse HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana. Ngakhale mmodzi atapezeka ndi HIV, akamamwa mankhwala mokhulupirika mpaka tizilombo titasiya kuoneka m'magazi, banja limabereka popanda kupatsirana.

Nanga zotsatira zikatuluka? Ngati chubu chimodzi chili chotseguka bwino, mimba ndi yotheka mwachibadwa. Ngati zipsera zili zochepa, madokotala amatha kuzimasula pa opaleshoni yolowetsa kakamera kudzera pabowo laling'ono la pamchombo. Ngati mbewu ya abambo yangochepa pang'ono ndipo machubu ali bwino, pali njira yotsuka umuna n'kuulowetsa m'chiberekero pa tsiku la dzira. Mitsempha yotupa ija nayo imakonzedwa. Palinso mabanja ambiri ndithu amene zonse zimatuluka zabwino, chifukwa osapezeka, ndipo ena mwa iwo amadzaima okha. Koma ngati machubu onse awiri anawonongeka kwambiri, makamaka akatupa n'kudzaza madzi, opaleshoni kawirikawiri siithandiza, ndipo njira yotsala ndi IVF, yotenga mazira a mayi n'kuwakumanitsa ndi mbewu kunja kwa thupi, kenako n'kubwezera kamluza m'chiberekero osadzera m'machubu.

Njira imeneyi inayambira pa vuto longa lomwe tikuliganizirali. Mwana woyamba kubadwa kudzera mu IVF, Louise Brown, anabadwa pa 25 July 1978 ku Oldham m'dziko la England. Mayi ake, Lesley Brown, anali ndi machubu otsekeka ndipo anali atafunafuna mwana kwa zaka 9. Robert Edwards, amene anagwira ntchitoyi pamodzi ndi Patrick Steptoe ndi Jean Purdy, analandira mphotho ya Nobel mu 2010, ndipo ana obadwa mwa njira imeneyi tsopano ali m'mamiliyoni. Kuyambira 1992 palinso njira yobayira mbewu imodzi yokha m'dzira, imene yathandiza abambo a mbewu zochepa kwambiri. Koma ndisakunamizeni. IVF ndi yokwera mtengo, siipezeka paliponse, imatopetsa thupi ndi majakisoni, ndipo ngakhale kwa mayi wosafika zaka 35, pafupifupi ulendo umodzi mwa itatu ndi umene umathera pa mwana wa m'manja. Zaka zikamakwera mwayiwo umatsika. Aliyense wokulonjezani mwana motsimikiza, kaya wavala gauni yoyera kaya ayi, gwiritsitsani chikwama chanu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna musachiiwale ngakhale zina zonse mutaziiwala. Mayi amene machubu ake anadwalapo ali pa chiopsezo choti mimba ikhazikike m'chubu m'malo mwa m'chiberekero, ndipo chubu chikaphulika magazi amatayikira m'kati, munthu n'kufa m'maola ochepa. Tsiku limene mudzaphonye kusamba, yezetsani mimba msanga, ndipo ikapezeka pemphani sikani chapasabata la 6 kuti aone pamene yakhala. Mukaphonya kusamba n'kumva ululu mbali imodzi ya m'munsi mwa mimba, kuona timagazi takuda, kumva kupweteka pansonga ya phewa, chizungulire kapena kukomoka, thamangirani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Kutentha thupi pamodzi ndi ululu m'chinena kapena chikazi chonunkha nakonso musadzakuthandize nokha ngati kale lija.

Tibwere ku chinsinsi chanu. Dokotala ayenera kudziwa za mimba yoyamba ija ndi matenda amene anatsatira, chifukwa popanda zimenezo adzafufuza mumdima. Muli ndi ufulu wopempha kulankhula naye panokha, ndipo lamulo la ntchito yathu silimulola kuuza amuna anu popanda chilolezo chanu. Zowauza amuna anu kapena ayi, mwini wake ndinu, poti ndinu amene mukuwadziwa. Ndaona mabanja amene kuulula kunawamasula, ndaonanso amayi amene mawu awo anasandutsidwa chikwapu. Ngati mukuopa kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa, musafulumire, yambani mwakambirana ndi phungu kapena munthu wamkulu amene mumamukhulupirira. Koma mumtima mwanu muchotsemo mlandu. Pakati pa mimba 10 ndi 20 mwa 100 zodziwika zimapita padera, zambiri chifukwa kamluza sikanapangike bwino kuyambira pachiyambi, ndipo palibe chimene mayi akanachita. Matenda amene anabwera pambuyo pake nawo si chilango. Ine ndikuonaponso chabwino pa mimba imeneyo, chifukwa ikusonyeza kuti mazira anu anakumanapo ndi mbewu ndipo chiberekero chanu chinalandira kamluzako.

Apongozi anu woyenera kuwayankha ndi mwana wawo. Inu mukayankha idzakhala nkhani ya mwano, pamene iye akanena kuti mayi, nkhaniyi tikuiyendera limodzi kuchipatala, mawu amachepa. Maganizo opeza mkazi wina musanapimidwe nonse ndi ongotaya nthawi, chifukwa ngati vuto lili kwa bambo, mkazi wachiwiriyo adzangolowa m'misozi yomweyi, ndipo kuyesayesa kunja kwalowetsa matenda m'nyumba zambiri zimene zinalibe matenda. Inunso dziyang'anireni. Sikulakwa kukana kupita ku chikondwerero china cha mwana pamene mtima sukufuna. Pezani munthu mmodzi amene mungamamuuze zonse, ndipo ngati alipo mayi wina amene anakumanapo ndi zotere, ameneyo ndiye wabwino koposa. Mukaona kuti kwa masabata awiri kapena kuposerapo tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, ntchito yakukanikani, kapena mwayamba kuganiza kuti bola kufa, kaonaneni ndi achipatala msanga. Amenewo ndi matenda a maganizo ndipo ali ndi chithandizo chake.

Funso lanu lomaliza, loti kodi mudzabereka, palibe munthu woona mtima amene angaliyankhe musanapimidwe. Amayi amene ndawaona nkhani zawo zinathera kosiyanasiyana. Wina anabwera ngati inu, tinapeza chubu chimodzi chotseguka ndi mbewu yofooka ya mwamuna wake amene ankasuta kwambiri. Bamboyo anasiya fodya, tinakonza zina ndi zina, ndipo patapita chaka ndi miyezi anandibweretsera khanda kuti ndilinyamule. Wina anasonkha ndalama zaka zingapo, anayesa IVF kawiri osaphula kanthu, kachitatu n'kubereka mtsikana. Wina anayesa zonse zimene akanatha, ndipo tsiku lina anandiuza kuti adokotala, ndatopa, ndikufuna moyo wanga ubwerere. Iye ndi mwamuna wake anatenga mwana wamasiye motsata malamulo n'kumulera. Nditakumana naye patapita zaka anandiuza kuti chilakolako chonyamula mimba yakeyake sichinathe chonse, chimabwerabe nthawi zina, koma sichimulepheretsanso kuseka. Palinso amene anakhala awiriwiri mpaka kukalamba, ogwirizana kuposa mabanja ena odzaza ana. Onsewa anayamba kupeza mpumulo tsiku limene anadziwa dzina la vuto lawo n'kusiya kulota.

Ndiye chitani izi mwezi uno. Tsiku limene mudzayambe kusamba, lembani deti lake, ndipo sabata yomweyo pitani kuchipatala chimene chili ndi dokotala wa matenda a amayi, kuti HSG igwere m'masiku ake osadikiranso mwezi wina. Tengani mapepala onse akale amene muli nawo, madeti a kusamba kwa miyezi ingapo yapitayi ngati mukuwakumbukira, ndi mayina kapena mabotolo a zonse zimene mwamwa. Ngati bambo avomera kubwera, awerengeretu masiku 2 mpaka 7 aja kuti apereke umuna tsiku lomwelo. Zotsatira zikatuluka mundilemberenso, tidzaziwerengere limodzi.